Raundabauti

Raundabauti ndi mphambano yozungulira pomwe misewu itatu kapena yoposa apo imakumana, ndipo magalimoto onse amazungulira bwalo lapakati molowera mbali imodzi kufikira galimoto iliyonse itafika pa msewu womwe ikufuna kutulukira. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti galimoto yomwe ikufuna kulowa imadikira magalimoto omwe ali kale m'kati. M'mayiko omwe magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, monga Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain, magalimoto amazungulira monga imayendera mivi ya wotchi, ndipo dalaivala wolowa amayang'ana kumanja. M'mayiko omwe amayenda kumanja kwa msewu, monga France, United States ndi Democratic Republic of Congo, amazungulira mobwerera ndipo wolowa amayang'ana kumanzere.

Raundabauti imachepetsa ngozi zopha anthu chifukwa imakakamiza magalimoto kuchepetsa liwiro. Komabe ubwino umenewu umadalira kwambiri madalaivala eniake, popeza palibe nyali yowauza nthawi yoima ndi yopita. Pa chifukwa ichi raundabauti yatsopano, kapena yomwe dalaivala sanadutsepo, imasokoneza anthu ambiri pa masiku oyamba. Kafukufuku wa m'mayiko angapo wasonyeza kuti madalaivala amazolowera pakapita nthawi, ndipo maganizo awo pa raundabautiyo amasinthanso.

Dzina

Mawu akuti raundabauti anachokera ku Chingerezi cha ku Britain, ndipo ndi omwe amagwiritsidwa ntchito m'Malawi ndi ku Zambia. Anthu ena amatchula kuti laundabauti. Ku South Africa anthu ambiri amangoti circle. M'matauni a m'Malawi raundabauti imakhalanso chizindikiro cha malo: makondakitala a minibasi ndi anthu olondolera alendo njira amatchula raundabauti monga momwe amatchulira msika kapena depoti.

Mbiri

Mabwalo ozungulira analipo m'mizinda ya ku Ulaya magalimoto asanabwere, koma ngolo zinkadutsamo mbali iliyonse. Kuzungulira molowera mbali imodzi kunayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ku New York, William Phelps Eno anakonza kayendedwe kotere pa Columbus Circle mu 1905. Ku Paris, maganizo a katswiri wa mapulani a mizinda Eugène Hénard anatsatidwa pa Place de l'Étoile mu 1907. Ku Britain bwalo loyamba lotere linamangidwa mu tauni ya Letchworth cha m'ma 1909.

Mabwalo akalewa anali ndi vuto limodzi lalikulu. M'malo ambiri galimoto yolowa ndiyo inali ndi ufulu wodutsa, ndipo zomwe zinali m'kati zinkaima. Magalimoto akachuluka, olowa ankangolowabe pomwe am'kati alibe potulukira, mpaka bwalo lonse n'kutsekeka. Mabwalo ambiri analinso aakulu ndipo magalimoto ankalowamo pa liwiro lalikulu. Pofika zaka za m'ma 1950 mizinda yambiri ya ku United States inali itasiya kuwamanga.

Zinthu zinasintha ku Britain, komwe mu November 1966 boma linakhazikitsa lamulo lakuti wolowa azidikira yemwe ali m'kati. Lamuloli linathetsa vuto la kutsekeka ndipo linachititsa kuti mabwalo azimangidwa aang'ono. Frank Blackmore, injiniya wa ku Road Research Laboratory, anagwira ntchito yaikulu pa nkhaniyi ndipo ndiye anayambitsa raundabauti yaing'ono ya bwalo longopenta, yomwe inayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. France inatengera lamuloli mu 1984 ndipo lero ndi limodzi mwa mayiko omwe ali ndi maraundabauti ambiri zedi. Ku United States maraundabauti amakono oyamba anamangidwa mu 1990 ku Summerlin, kufupi ndi Las Vegas. Mzinda wa Carmel ku Indiana uli ndi oposa 150. Japan inaika raundabauti m'malamulo ake a pamsewu mu September 2014.

Kamangidwe

Raundabauti yamakono ili ndi zigawo zingapo, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake.

Bwalo lapakati ndi malo okwera omwe magalimoto amazungulira. Limatseka njira yowongoka, choncho dalaivala sangadutse molunjika pa liwiro lomwe wabwera nalo.

Msewu wozungulira umatha kukhala ndi mzere umodzi woyendamo magalimoto kapena ingapo. Mizere imeneyi madalaivala amaitcha maleni.

Mzere wodukizaduka wopentedwa polowera umasonyeza pomwe galimoto iyenera kudikirira ngati m'kati mukubwera ina.

Tizilumba ta makona atatu timalekanitsa magalimoto olowa ndi otuluka. Timapatsanso oyenda pansi malo oima pakati pa msewu.

Polowera pamapindika mwadala kuti dalaivala akhotetse chiwongolero ndi kuchepetsa liwiro. Pa raundabauti yomangidwa bwino magalimoto amayenda makilomita 25 mpaka 40 pa ola.

M'mphepete mwa bwalo la maraundabauti ena mumakhala malo oyala njerwa kapena konkire, okwera pang'ono, omwe matayala akumbuyo a lole kapena basi amatha kupondapo.

Zikwangwani zodziwika ndi zitatu: chenjezo la makona atatu lokhala ndi mivi itatu yozungulira, chikwangwani cha makona atatu choloza pansi chomwe chimauza dalaivala kuti apatse ena mpata, ndi chozungulira cha buluu chokhala ndi mivi yoyera yosonyeza mbali yozungulirira. Pa misewu ikuluikulu pamakhalanso chikwangwani chojambula raundabauti yonse ndi mayina a malo omwe msewu uliwonse ukupita.

Mitundu

Raundabauti ya leni imodzi ndiyo yosavuta kwambiri. Ya maleni awiri kapena atatu imanyamula magalimoto ambiri koma imafuna kuti dalaivala asankhe leni yoyenera asanalowe. Raundabauti yaing'ono imakhala ndi bwalo longopenta kapena lokwera pang'ono, ndipo imaikidwa pomwe malo ndi ochepa. Ku Netherlands, Lambertus Fortuijn anakonza mtundu wotchedwa turbo m'zaka za m'ma 1990, womwe uli ndi timizere tokwera pakati pa maleni kuti galimoto isasinthe leni ili m'kati. Maraundabauti ena otanganidwa amaikidwa maloboti. Mtundu wodabwitsa kwambiri ndi Magic Roundabout ya ku Swindon, ku England, yomwe inatsegulidwa mu 1972. Ili ndi maraundabauti aang'ono asanu ozungulira bwalo limodzi, ndipo m'kati mwenimweni magalimoto amazungulira mobwerera.

Malamulo oyendera

M'Malawi lamulo lalikulu la pamsewu ndi Road Traffic Act ya 1997, ndipo mayeso ndi ziphaso zoyendetsera galimoto zili m'manja mwa Directorate of Road Traffic and Safety Services. Zomwe zimaphunzitsidwa m'mayiko oyenda kumanzere n'zofanana kwambiri, ndipo ndi izi:

Poyandikira, dalaivala amachepetsa liwiro, amatsitsa giya, amawerenga zikwangwani ndi mivi yopentedwa pansi, ndipo amasankha leni.

Amapatsa mpata magalimoto ochokera kumanja omwe ali kale m'kati. Ngati mulibe galimoto, safunika kuima.

Wokhotera kumanzere amayatsa indiketa yakumanzere, amagwira leni yakumanzere ndipo amatulukira pa msewu woyamba.

Wopitirira kutsogolo sayatsa indiketa polowa. Amagwira leni yakumanzere pokhapokha mivi itasonyeza zina, ndipo amayatsa indiketa yakumanzere akangodutsa msewu womaliza asanafike potulukira pake.

Wokhotera kumanja kapena wobwerera komwe wachokera amayatsa indiketa yakumanja, amagwira leni yakumanja, amazungulira moyandikira bwalo, kenako amayatsa indiketa yakumanzere akatsala pang'ono kutuluka.

Wophonya potulukira amazunguliranso. Saima, ndipo sabwerera chakumbuyo.

Aphunzitsi ambiri amafanizira raundabauti ndi wotchi. Dalaivala amadziona ngati akulowera pa 6 koloko. Msewu uliwonse womwe uli pakati pa 6 ndi 12 koloko amaufikira ndi leni yakumanzere, ndipo wopitirira 12 koloko amaufikira ndi leni yakumanja. Iyi ndi njira yothandiza kukumbukira chabe. Mivi ndi zikwangwani za pamalopo zikasiyana nayo, dalaivala amatsata zikwangwanizo.

Chifukwa chomwe raundabauti yachilendo imavutira

Pa maloboti dalaivala amamvera nyali. Pa raundabauti amaganiza yekha, ndipo amachita zinthu zingapo m'masekondi ochepa: kuwerenga chikwangwani, kusankha leni, kuyang'ana oyenda pansi, kuyeza liwiro la galimoto yochokera kumanja, kusintha giya ndi kuyatsa indiketa. Kwa munthu wozolowera malowo zambiri mwa izi zimangochitika zokha. Kwa mlendo chilichonse chimafuna kuganizira, ndipo mutu umalemedwa.

Chovuta choyamba ndi kuyeza mpata. Kuti alowe bwinobwino, dalaivala amafuna mpata wa masekondi pafupifupi 4 kapena 5 pakati pa magalimoto ozungulira. Wosazolowera amakana mipata yokwanira n'kumadikira yaikulu, ndipo kumbuyo kwake kumapangika mzere. Ena akatopa ndi mahutala a anzawo amalowa mothamanga pa mpata wochepa.

Chachiwiri ndi chizolowezi chakale. Pomwe panali mphambano wamba, anthu oyenda pa msewu waukulu anazolowera kudutsa osaima. Raundabauti ikamangidwa, misewu yonse imafanana ndipo wa pa msewu waukulu naye amadikira. Dalaivala yemwe wadutsa pamalo amodzi kwa zaka zambiri amayendetsa mwa chizolowezi osawerenganso zikwangwani, choncho nthawi zina mwinimudzi ndiye amalakwitsa kuposa mlendo, yemwe amabwera ali tcheru.

Chachitatu ndi kusochera. Munthu akamazungulira amatha kusokoneza mbali, makamaka ngati misewu ndi isanu kapena yoposa apo, ngati zikwangwani palibe, kapena ngati ndi usiku. Mapulogalamu a mapu a pa foni amauza dalaivala kuti atulukire pa msewu wachiwiri kapena wachitatu, koma kawerengedwe kake kamasokoneza ngati pali kanjira kolowera ku sitolo kapena kumalo omwetsera mafuta.

Chachinayi ndi kusafanana kwa maraundabauti. Pa ina leni yakumanzere ndi ya okhotera kumanzere okha, pomwe pa ina imapitiriranso kutsogolo. Zomwe dalaivala anazolowera kwawo sizigwira ntchito paliponse.

Momwe madalaivala amazolowerera

Akatswiri a maganizo Paul Fitts ndi Michael Posner anafotokoza mu 1967 kuti munthu amaphunzira luso m'magawo atatu, ndipo magawowa amaoneka bwino pa raundabauti.

Pa gawo loyamba dalaivala amaganizira sitepe iliyonse. Amayandikira pang'onopang'ono, amaima pa mzere ngakhale m'kati mulibe galimoto, amaiwala indiketa, ndipo amakonda leni yakumanzere ngakhale akupita kumanja chifukwa choopa kutsekeredwa m'kati. Ena amalambalala raundabautiyo n'kudzera njira yaitali.

Pa gawo lachiwiri zolakwa zimachepa. Dalaivala amayamba kuyang'ana kumanja adakali patali m'malo modikira kufika pa mzere, ndipo amasintha liwiro lake kuti afike pomwe mpata ukupezeka. Amaphunzira kuwerenga magalimoto ena: osati indiketa yokha, komanso komwe matayala akutsogolo aloza, leni yomwe galimoto ili ndi liwiro lake. Amazindikiranso kuti galimoto yotulukira pa msewu wake, kapena yomwe yatsekereza ochokera kumanja, imamupatsa mpata wolowera.

Pa gawo lachitatu zonse zimachitika popanda kuganizira kwambiri. Dalaivala amadziwa leni yake asanaone chikwangwani, amadziwa nthawi yomwe pamadzaza ndi pomwe oyenda pansi amakonda kuwolokera. Gawoli lili ndi ngozi yakeyake, chifukwa wozolowera amayamba kuthamanga, kudula maleni ndi kusiya indiketa.

Madalaivala amaphunziranso poonera anzawo. Mlendo amatsatira galimoto yomwe ili kutsogolo ndipo amatengera zomwe ikuchita, zabwino ndi zoipa zomwe. N'chifukwa chake khalidwe lomwe lakhazikika m'masabata oyamba limavuta kulisintha. Ngati ambiri azolowera kulowa mokakamiza, wotsata lamulo amaoneka ngati ndiye wolakwa. Madalaivala a minibasi, mataxi ndi akabaza amadutsa pamalo amodzi kambirimbiri pa tsiku, motero amazolowera msanga ndipo kayendetsedwe kawo kamatengeredwa ndi ena.

Anthu onse akamazolowera, raundabauti imayamba kudutsitsa magalimoto ambiri pa ola kuposa pa masiku oyamba, chifukwa madalaivala amalandira mipata yocheperapo ndipo amatsatana mosazengereza.

Zolakwa zofala

Kulowa osapatsa mpata galimoto yomwe ili m'kati.

Kuima m'kati kuti wolowa adutse. Ngakhale kumaoneka ngati ulemu, wotsatira kumbuyo sayembekezera zimenezi ndipo amatha kuwomba.

Kuwomba kumbuyo kwa galimoto polowera. Izi zimachitika dalaivala akamayang'ana kumanja n'kunyamuka poganiza kuti wakutsogolo wapita kale.

Kukhotera kumanja modula, osazungulira bwalo. Uku n'kuyenda moyang'anizana ndi magalimoto ena.

Kukhotera kumanja kuchokera mu leni yakumanzere, kapena kutuluka mwadzidzidzi kuchokera mu leni yam'kati osayang'ana pa galasi.

Kusintha leni kapena kupitirira galimoto ina m'kati.

Kusayatsa indiketa potuluka, zomwe zimadikiritsa olowa popanda chifukwa.

Kuima kuti akweze kapena kutsitsa anthu polowera, potulukira kapena m'kati momwe.

Zomwe kafukufuku anapeza

Pa mphambano wamba ya misewu inayi pali malo 32 pomwe njira za magalimoto zimakumana. Pa raundabauti ya leni imodzi malowa ndi 8 okha. Kuwombana maso ndi maso komanso kuwombedwa m'nthiti pa liwiro lalikulu, komwe kumapha anthu ambiri pa mphambano, kumasowa. Ngozi zomwe zimatsala ndi za kukhulana m'mbali ndi kuwombana kumbuyo pa liwiro lochepa.

Bungwe la Insurance Institute for Highway Safety la ku United States lachita kafukufuku wambiri pa nkhaniyi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2001 anaunika mphambano 24 zomwe zinasandutsidwa maraundabauti. Ngozi zonse zinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti, ngozi zovulaza anthu ndi 76 peresenti, ndipo zopha kapena kulumaza ndi pafupifupi 90 peresenti.

Bungweli linafufuzanso maganizo a madalaivala. Mu kafukufuku wa 2002 m'madera atatu, 31 peresenti yokha ndi yomwe inkafuna raundabauti isanamangidwe, koma itangomangidwa chiwerengerocho chinafika pa 63 peresenti. M'madera omwe anthu anafunsidwanso patatha chaka kapena kuposerapo, oikonda anali pafupifupi 70 peresenti. Izi zikusonyeza kuti kukana kwa poyamba kumachokera kwambiri ku mantha a chinthu chachilendo.

Kafukufuku wa 2019 wa maraundabauti a m'chigawo cha Washington anapeza kuti pa maraundabauti a maleni awiri ngozi zinkatsika ndi pafupifupi 9 peresenti chaka chilichonse chitamangidwe. Ofufuzawo anagwirizanitsa izi ndi kuzolowera kwa madalaivala. Pa maraundabauti otere ngozi zing'onozing'ono zimatha kuchuluka poyamba, anthu asanadziwe bwino maleni.

Kuwoloka malire

Mayiko onse oyandikana ndi Malawi, omwe ndi Tanzania, Zambia ndi Mozambique, amayenda kumanzere, choncho dalaivala wa m'Malawi sasintha mbali yozungulirira akapita kumeneko. Zinthu zimasintha kwa oyendetsa malole opita ku Lubumbashi kudzera pa chipata cha Kasumbalesa, chifukwa ku Congo amayenda kumanja. Chimodzimodzinso ku Angola, Rwanda ndi Burundi. Kumeneko dalaivala amayenera kuyang'ana kumanzere polowa ndi kuzungulira mobwerera. Maso ndi manja zimafuna kubwerera ku chizolowezi, makamaka munthu akatopa, m'mawa kwambiri, kapena pa msewu wopanda magalimoto ena oti awatsatire. Ngati chiwongolero cha galimoto chili kumanja, vuto limakula chifukwa dalaivala amakhala kumbali ya kunja kwa bwalo.

Ngakhale m'mayiko oyenda mbali imodzi malamulo amasiyana pang'ono. Ku South Africa, pa raundabauti yaikulu wolowa amadikira wochokera kumanja, koma pa yaing'ono amadutsa ndi yemwe wayamba kuwoloka mzere wake. Ku Paris, pa bwalo lozungulira Arc de Triomphe pomwe misewu 12 imakumana, lamulo lakale likugwirabe ntchito ndipo olowa ndiwo ali ndi ufulu wodutsa. Ku Britain, komwe Amalawi ndi anthu a ku Zambia ambiri amakhala, mbali yoyendera ndi yomweyi koma maraundabauti ambiri ali ndi maleni atatu kapena anayi, maloboti, ndi mizere yomwe imatsogolera galimoto pang'onopang'ono kunja mpaka potulukira pake.

M'Malawi ndi mayiko oyandikana nawo

Maraundabauti a m'Malawi ali makamaka m'mizinda. Ku Blantyre, msewu wa Masauko Chipembere womwe umalumikiza Blantyre ndi Limbe umadutsa pa angapo, kuphatikizapo ya ku Chichiri ndi ya ku Maselema. Ena odziwika ndi ya pa Clock Tower ndi ya pa Kameza, pa njira yopita ku bwalo la ndege la Chileka. Ku Lilongwe kuli ya pafupi ndi Nyumba ya Malamulo ndi ina yambiri pa misewu yolumikiza Old Town ndi City Centre. Ku Mzuzu yodziwika ndi ya pa Katoto. Misewu ikuluikulu ya dziko lino imayang'aniridwa ndi Roads Authority. Ku Lusaka, msewu wa Cairo uli ndi raundabauti kumapeto onse awiri: ya Kabwe kumpoto ndi ya Kafue kummwera.

Ubwino umodzi wa raundabauti m'mayiko amenewa ndi wakuti simadalira magetsi. Magetsi akazima maloboti amafa ndipo mphambano imasanduka chipwirikiti, pomwe raundabauti imagwirabe ntchito.

Anthu ambiri amaphunzira kuyendetsa m'maboma momwe raundabauti mulibe, kapena muli imodzi ya leni imodzi. Akafika mu mzinda amakumana ndi ya maleni awiri pa nthawi yomwe anthu akupita kapena kuweruka ku ntchito. Misewu ikamakulitsidwa kukhala ya maleni awiri kapena atatu mbali iliyonse, ngakhale madalaivala a mu mzinda momwemo amayambanso kuphunzira. Penti ya mizere ikafufutika, kapena zikwangwani zikagwa osabwezeretsedwa, mlendo amasowa chomutsogolera ndipo amangodalira zomwe ena akuchita. Pa nthawi yomwe magalimoto athithikana apolisi a pamsewu amaima pa maraundabauti ena n'kumawongolera ndi manja. Zikatero dalaivala amamvera wapolisi ngakhale zisiyane ndi lamulo lodikira ochokera kumanja.

Oyenda pansi, njinga ndi malole

Oyenda pansi amayenera kuwolokera pa malo owolokera omwe amaikidwa chapatali pang'ono ndi bwalo, kuima pa kachilumba, kenako kumaliza theka linalo. Sayenera kudutsa pa bwalo lapakati. Dalaivala wosazolowera amaika maso ake onse kumanja n'kuiwala munthu yemwe akuwoloka kuchokera kumanzere. Potuluka napo pamachitika ngozi chifukwa magalimoto amakhala ayamba kuwonjezera liwiro. Anthu osaona amavutika kwambiri, popeza phokoso la magalimoto silidukiza ngati pa maloboti.

Okwera njinga zakapalasa ndi zamoto ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Njinga ndi yaing'ono ndipo dalaivala yemwe akufunafuna galimoto ndi maso amatha kuyang'ana osaiona. Wapanjinga yemwe akuzungulira cham'mphepete amadutsa pakamwa pa msewu uliwonse wolowera ndi wotulukira. Ku Netherlands maraundabauti ambiri ali ndi kanjira kapadera ka njinga kozungulira kunja, ndipo mzinda wa Cambridge ku England unatsegula yotere mu 2020.

Malole ndi mabasi aatali sangakwane mu leni imodzi pozungulira. Matayala akumbuyo amadula njira kuposa akutsogolo, choncho dalaivala amatenga maleni awiri. Galimoto yaing'ono kapena njinga yomwe yalowa pambali pa lole imakhala pomwe dalaivala wake saona pa galasi. Chofunika ndi kutsalira kumbuyo mpaka loleyo itatuluka. Lole yodzaza katundu wamtali, kapena thanki ya mafuta, imatha kugubuduzika ikalowa mothamanga.

Ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto ikamabwera, yemwe sanalowe amapatuka n'kuima, ndipo yemwe ali m'kati amayamba watuluka kenako n'kupatuka.

Kuthandiza madalaivala kuzolowera

Mainjiniya amayesetsa kuti kamangidwe kokha kaziuza dalaivala chochita. Polowera pakapindika bwino, ngakhale munthu yemwe sanawerenge chikwangwani amachepetsa liwiro ndi kulowera mbali yoyenera. Zikwangwani zochenjeza zimaikidwa patali, mivi ndi mayina a malo zimapentedwa m'maleni, ndipo nyali zimathandiza kuti bwalo lioneke usiku. M'mayiko ena amaika chikwangwani chongoyembekezera chodziwitsa kuti msewu wasintha. Ena amayamba ndi leni imodzi n'kudzawonjezera yachiwiri magalimoto akachuluka. Mauthenga a pa wailesi, m'nyuzipepala ndi m'masukulu ophunzitsa kuyendetsa galimoto amathandiza kwambiri akafika raundabauti isanatsegulidwe.

Kwa dalaivala payekha, aphunzitsi amalangiza kuona njira pa mapu asananyamuke, kuyeserera pa nthawi yomwe magalimoto ndi ochepa, kusiya mpata wokwanira ndi galimoto yakutsogolo, ndi kusalowa chifukwa choti wakumbuyo waliza hutala. Munthu akapezeka mu leni yolakwika amapitirira komwe leniyo ikupita n'kukabwerera kutsogolo.

Pomwe raundabauti imalephera

Sikuti vuto lililonse limatha ndi kuzolowera. Raundabauti imagwira bwino ntchito ngati magalimoto a misewu yonse ndi ofananako kuchuluka. Msewu umodzi ukakhala ndi magalimoto osadukiza, a pa msewu wotsatira amasowa mpata ndipo amayamba kulowa mokakamiza. Mzere wa magalimoto ukachokera kutsogolo n'kutseka potulukira, bwalo lonse limaima. Zikafika apa akuluakulu a misewu amaika maloboti, amawonjezera kanjira kapadera ka okhotera kumanzere, kapena amamanga msewu wodutsa pamwamba. Ku Lilongwe raundabauti ya ku Area 18, pomwe msewu wa M1 umakumana ndi Presidential Way, inachotsedwa ndipo mu 2020 panamalizidwa misewu yodutsana pamwamba ndi pansi. Ku Harare raundabauti ya Mbudzi, pa njira ya mabasi ndi malole opita ku Beitbridge ndi Johannesburg, inalowedwa m'malo ndi Trabablas Interchange yomwe inatsegulidwa mu 2025. Pamalo onse awiriwa madalaivala anayambanso kuphunzira njira zatsopano zolowera ndi kutulukira.

Onaninso

Malamulo a pamsewu
Zikwangwani za pamsewu
Maloboti
Ngozi za pamsewu
Misewu ya m'Malawi
Kabaza